Diso Limene Ndinasiya pa Chigayo cha ku Chawama

Chinali chaka cha 1993, ine ndili ndi zaka 58, pamene ndinayamba ntchito ya pachigayo m'komboni ya Chawama. Izi zisanachitike ndinali pa kampani ina ya kumafakitale, kumene ndinakalambira ndikuthira girizi m'makina ndi kumanga malamba. Kampaniyo inatseka monga anali kutsekera makampani ambiri masiku amenewo. Anatisonkhanitsa pabwalo n'kutiuza kuti tizipita kunyumba. Tinapita.

Mtengo wa ufa wa m'sitolo unali kukwera ngati uli ndi mapiko. Anthu a m'komboni anayamba kugula chimanga cha m'tini kwa amalonda ochokera kumidzi n'kukagayitsa okha. Ba Chileshe, Mbemba wochokera kumigodi amene anali ndi kasitolo pafupi ndi msika, anaona mpata umenewo nagula chigayo chakale cha dizilo. Munthu wochiyendetsa analibe. Mkazi wanga Naphiri, amene ankagulitsa tomato pamsika pomwepo, ndiye anamuuza za ine.

"Ba Mwanza, muchiziba chigayo?" anandifunsa Ba Chileshe.

"Ndidziwa lamba ndi girizi. Zotsalazo chidzandiphunzitsa chokha."

"Yambani mawa."

Kufunsana kunathera pomwepo.

Ntchito ya pachigayo imayamba injini isanalire. Umayang'ana oyilo. Umadzaza madzi mumgolo woziziritsa injini. Umakanikiza lamba ndi chala kuti umve ngati walimba. Umamasula mabawuti a chivundikiro ndi sipanala, n'kuona nyundo zam'kati ngati zadyeka, ndiponso sefa ngati yabooka. Ukatseka, umatenga hendulo. Injini imeneyo inalibe batire. Unkawerama, kugwira hendulo ndi manja awiri, kupukusa ndi msana wonse mpaka gudumu lalikulu litathamanga, kenako n'kugwetsa kachitsulo kotseka mpweya. Ikafuna inkalira. Ikapanda kufuna inkabweza hendulo, ndipo hendulo yobwerera imathyola mkono.

Amayi ankandandalika matini awo pakhomo, tini lililonse kusunga malo a mwini wake. Tini likafika, choyamba ndi kupisamo dzanja mpaka m'chigongono. Dzanja limapeza mwala, msomali, ndiponso chinyezi. Mwala umaboola sefa. Chinyezi chimatseka timabowo ta sefa, chigayo n'kutsamwa. Ukakhutira, umanyamula tini mpaka pachifuwa n'kukhuthulira m'thireyi, ndipo chimanga chimalowa kudzera pa kachitseko kamene umatsegula pang'onopang'ono. Apa amagwira ntchito ndi makutu. Injini ikayamba kulira mozama ngati ng'ombe yotopa, umabweza kachitseko. Ufa umatsika m'chifanulo chachikulu cha malata. Pomaliza umamenya chifanulocho ndi ndodo kuti ufa wokakamira ugwe, apo ayi mwini wake adzalengeza komboni yonse kuti wachigayo ndi wakuba.

Pofika madzulo ndinkatuluka ndili mbuu, nsidze, ndevu, ngakhale m'makutu.

Matenda ndinabwera nawo kuchokera kukampani. Matenda a shuga anandipeza nawo kale. Mapazi anga ankayaka ngati ndaponda pambaula, ndipo moto umenewo sunkazima, kaya ndaima, kaya ndagona. M'mawondo munali nyamakazi. Mapiritsi kukiliniki mwezi wina ankapezeka, mwezi wina ayi. Anandiuza kuti ndichepetse nsima ndizidya zakudya zosiyanasiyana. M'nyumba mwathu chakudya chinali chimodzi. Pachigayo palibe amene ankadziwa zimenezi. Mwamuna saika matenda ake pamsika.

Kenako maso anayamba kuchita chifunga. Poyamba ndinati ndi fumbi la ufa. Ndinkatsuka ndi madzi amchere, koma chifunga chinkakulirakulira. Matini ndinayamba kuwadziwa ndi manja: ili lopindika pakamwa, ili lomangidwa kansalu pachogwirira. Amayi ndinkawadziwa ndi mawu. Tsiku lina minibasi inandikhudza phewa pamsewu wa Kafue, ine osaiona n'komwe. Kondakitala ananditukwana mpaka mawu ake anazimirira. Naphiri atamva sanandifunse maganizo. Anandigwira dzanja mpaka kuchipatala chachikulu.

Dokotala anandiunika ndi katochi nthawi yaitali. Anati maso onse awiri ali ndi ng'ala. Lakumanzere anati shuga analidya kale kumbuyo, kulichita opaleshoni n'kutaya nthawi. Lakumanja anati lingathe kupulumuka. Ndinadikira miyezi, ndikugayabe mwa makutu ndi manja, mpaka dzina langa linafika.

Za opaleshoni ndilibe zambiri zonena. Anandibaya jakisoni pafupi ndi diso, anadula, anachotsa ng'ala, anasoka. Anaphimba disolo ndi kachivundikiro kolimba komata ndi pulasitala. Ponditulutsa, nesi wamkulu anaima patsogolo panga n'kuwerenga malamulo pa zala.

"Atate, milungu isanu ndi umodzi. Musawerame. Musanyamule cholemera. Musapite pafumbi. Musapite pautsi. Ndipo inu muli ndi shuga, bala lanu lichedwa kupola. Mwamva?"

"Ndamva. Mwatchula ntchito yanga yonse."

"Ndiye ntchitoyo idikire."

Iye anali ndi malipiro a pamwezi. Ankatha kulankhula choncho.

Titabwerera kukaonetsa, anachotsa kachivundikiro n'kundiyesa magalasi ochindikala ngati pansi pa botolo. Ndinaona. Ndinaona zilembo pakhoma, ndinaona ntchentche pawindo. Nditatembenuka ndinaona mayi wina wa imvi m'mphepete mwa duku, masaya olowa, atagwira chikwama changa.

"Naphiri, mwakalamba liti?"

"Pamene inu munali kugaya," anatero.

Nesi anaseka. Inenso ndinaseka. Magalasi anati andipatsa bala likapola. Anabwezera kachivundikiro, tinapita kunyumba, ine ndikungoona zithunzithunzi ndi diso lakumanzere.

Kugona kwa munthu wosazolowera kugona ndi ndende. Ndinkagona chagada, mutu pamwamba. Ulusi m'diso unkandikanda ngati mchenga. Mapazi ankayaka, ine osaloledwa kuwerama kuti ndiwasisite. Nsapato ankandiveka ndi Naphiri. Mankhwala ankandidonthezera m'diso ndi Naphiri. Chifukwa cha zimenezi kumsika ankapita mochedwa, tomato n'kumaolera m'dengu. Tinayamba kudya kamodzi patsiku, ndipo munthu wa shuga akamwa mapiritsi m'mimba mulibe kanthu amanjenjemera ngati wamalungo.

Pachigayo Ba Chileshe anaikapo mlamu wake, Ba Mwape, bambo wamphamvu amenenso anachotsedwa ntchito kumigodi. Amayi odzandizonda ankati ufa wake ndi wamiseremisere. Koma ankanenanso kuti chigayo chikulira tsiku lililonse.

Mlungu wachitatu Ba Chileshe anabwera kudzandiona. Anabweretsa botolo la chakumwa chotsekemera ndi mabanzi, zinthu zimene ine sindingadye. Anakhala pampando nayang'ana denga lathu lodontha.

"Ba Mwanza, mupole bwino. Manje vinthu ni vovuta. Chigayo sichidwala, mwaona. Na Mwape nayeve ali na bana."

Sananene zoipa. Koma ndinamva. Munthu wa zaka zanga, wa mapazi anga, akachoka pamalo sapezanso pena. Kunja kwa geti iliyonse kunali anyamata a masatifiketi atakhala pamiyala.

Ndinamuuza Ba Chileshe kuti Lolemba ndibwera. Tinapangana kuti Ba Mwape aziliza injini ndi kunyamula matini, ine ndizikhala pampando pakachitseko, kupisa dzanja ndi kumvetsera. Atachoka, Naphiri anaima pakhomo.

"Nesi uja ananena chiyani?"

"Ananena kuti ndisawerame. Sindiwerama."

"Nanga fumbi?"

"Mundimanga nsalu."

"Bambo, diso lanu ndi limodzi."

"Ntchito nayonso ndi imodzi."

Lolemba m'mawa anang'amba chitenje chakale, anandikulunga nacho pamwamba pa kachivundikiro kaja, nandiperekeza mpaka pakhomo la chigayo.

Masiku oyamba zinayenda. Ba Mwape sankandilankhula kwambiri, koma ankanyamula. Ine ndinkakhala khosi lili njo, ngati mkazi wosenza ndowa yodzaza. Utsi wa dizilo unkaluma, fumbi linkapeza njira yake pansi pa nsalu, koma ndinkapirira. Amayi ankandinena kuti ndafanana ndi mkamwini wobisala apongozi.

Tsiku lovuta linafika mvula ili pakati. Chawama yonse inali matope, madzi atalowa m'nyumba za kumunsi. Lamba wa chigayo anali atayamba kusosoka m'mbali, choncho Ba Chileshe anatuma Ba Mwape kumasitolo a ku Kamwala kukafuna wina. Ba Mwape analiza injini m'mawa, nati pochoka, "Mudala, musaizimye. Ikazima, palibe wamene azailiza." Amayi ankanyamula okha matini awo uku akudandaula. Ntchito inkayenda pang'onopang'ono.

Dzuwa likadakhalapo bwenzi lili pamutu pamene ndinamva mawilibala akulira pakhomo ndi mawu a Amai Sakala, mkulu wa amayi a kutchalitchi kwathu. Anali ndi matumba a chimanga cha maliro. Womwalira anali Ba Daka, mnzanga wa kwathu ku Katete, amene tinachotsedwa naye limodzi kukampani. Anali atadwala chifuwa nthawi yaitali.

Kwa amene sadziwa: m'komboni maliro akagwa, amayi amayenda khomo ndi khomo, aliyense n'kuthira kambale ka chimanga m'thumba. Chimanga chimenecho chikafika pachigayo sichikhala pamzere, sichilipira, ndipo sichibwezedwa. Palibe anazilemba, koma aliyense amadziwa. Amene anali pamzere anakokera matini awo pambali osauzidwa.

Ndinapisa dzanja m'thumba loyamba. Linali lozizira. Mvula inali itawapeza panjira, ndiponso ena posowa chopereka anali atathiramo mphale yonyika imene inali isanaume.

"Amai Sakala, ichi chanyowa. Kachiyanikeni."

"Tiyanike pati, Ba Mwanza? Simumvela mvula pamalata? Bantu bachoka ku Katete, kuchokela dzulo sibanadye."

"Chitseka sefa."

"Nanga imwe mukafa, tizabauza bantu banu ati chimanga chinanyowa?"

Amayi ena anaseka chapansipansi. Wina anati, "Ba Daka banali banzanu, ka."

Anali mnzanga. Ndinawauza kuti akhuthule.

Ndinatsegula kachitseko pang'ono kwambiri, chimanga chizilowa ngati chikuwerengedwa. Thumba loyamba linadutsa. Lachiwiri lili pakati, injini inatsitsa mawu. Ndinabweza kachitseko, koma ndinali nditachedwa. Lamba analira ngati nkhumba, fungo la mphira wopsa linadzaza m'nyumba, injini inagunda kawiri n'kukhala chete. Kunangotsala mvula padenga.

Ba Chileshe anamva bata limenelo ali kusitolo kwake. Anabwera atafunda thumba lapulasitiki kumutu.

"Nichani futi?"

"Chatsamwa. Chimanga chonyowa."

Anayang'ana amayi, anayang'ana matumba, kenako anayang'ana ine. Kubweza maliro sakanatha, iyenso amakhala m'komboni momwemo. Hendulo ankaiopa kuyambira tsiku limene inamumenya dzanja chigayo chitangofika.

"Basi, tiyembekeze Mwape," anatero. "Na imwe Ba Mwanza, kuyambila mawa pumulani chabe kunyumba. Apa tivutisana."

Minibasi za ku Kamwala pa mvula yotere zikanamubweza Ba Mwape kutada. Kusiwa kunali anthu anjala. Ndipo mawu otere ndinali nditawamva kale pabwalo la kampani.

Ndinapempha sipanala.

Ndinagwada, mawondo akulira, mutu uli chilili. Ndinamasula mabawuti mopapasa, ndinatsegula chivundikiro, ndinasolola sefa. Inali itamatidwa ngati khoma lozira. Ndinaipala ndi burashi yawaya, ndinakolowola ndi zala phala limene linali pakati pa nyundo, ndinabwezera zonse, ndinamanga. Mpaka pamenepo lamulo la nesi loti ndisawerame ndinali ndisanaliphwanye.

Koma hendulo ili m'munsi, pafupi ndi bondo. Palibe munthu amene anailizapo ataima chilili.

Amai Sakala anati, "Lekani tikaitane bamuna."

"Ali kuti amunawo?"

Anali kumanda, ena kusiwa, ena m'tauni kufuna maganyu. Mayi wina wamphamvu anamanga chitenje nati ayese. Ndinamukaniza. Sindikanalola kuti mkazi wa mwini athyoke mkono pa chigayo changa.

Ndinawerama. Ndinapukusa, ndinagwetsa kachitsulo. Injini inatsokomola n'kukana. Mutu unalemera ngati magazi onse athamangira kumaso. Ndinapuma pang'ono. Ndinagwiranso, ndinatseka mpweya m'chifuwa, ndinakankha ndi msana wonse. Pamenepo m'diso munachita thapu, kakang'ono, ngati ulusi waduka pa singano. Madzi ofunda anatsika patsaya pansi pa nsalu. Ndinagwetsa kachitsulo. Injini inalira.

"Mwamuna uyu!" anatero Amai Sakala.

Ndinabwerera pampando wanga. Ndinapempha amene anali pamzere kuti aliyense athireko chimanga chouma pang'ono, tisakanize ndi chonyowa chija. Anathira. Ndinagaya matumba onse. Ndinamenya chifanulo ndi ndodo mpaka ufa womaliza unagwa. Amayi anakweza matumba pamawilibala, anathokoza, anapita.

Ululu unachedwa, koma utafika unafika wonse. Unali ngati msomali wamoto wolowera m'diso kukatulukira kunkhongo. Ndinatuluka mopapasa khoma, ndinasanza kuseri kwa mgolo wa madzi. Ndinatsuka mkamwa ndi madzi a mvula, ndinabwerera kukamaliza mzere. Ba Mwape atafika ndi lamba anapeza chigayo chikulira.

Naphiri pomasula nsalu madzulo sanakuwe. Anangoti, "Mayo," motsitsa, n'kuibwezera. M'mawa mwake, pamene anzathu ankanyamula Ba Daka kupita naye kumanda, ife tinali pamzere kuchipatala.

Dokotala anachotsa kachivundikiro nandiunika ndi katochi.

"Munanyamula chiyani, atate?"

"Sindinanyamule. Ndinaliza chigayo."

Anaika katochi pansi. Sanandikalipire, ndipo kukanakhala bwino akanatero. Anati bala latseguka ndipo fumbi lalowa m'kati. Anasokanso tsiku lomwelo, anandigoneka, anandibaya majakisoni. Anayesetsa, zimenezo ndiwachitira umboni. Koma diso linatupa, linachita mafinya, ndipo shuga sanalole kuti lipole. M'mawa uliwonse nesi ankayatsa tochi n'kufunsa ngati ndikuona kuwala. Poyamba ndinkaona kofiira. Kenako ndinkangomva kutentha kwa tochi patsaya. Tsiku lina anasiya kufunsa.

Nditatuluka, Ba Chileshe anatumiza thumba laling'ono la mgaiwa ndi uthenga woti Mulungu ndi wamkulu. Ba Mwape anatsala pachigayo. Sindiwada. Aliyense ankapalasira moto kumphika wake.

Amai Sakala anabwera ndi amayi anzawo kudzapemphera. Anaimba nyimbo ziwiri. Atatha anakhala pafupi nane.

"Ba Mwanza, sembe munakamba chabe. Ise sitinazibe."

"Ndinakamba," ndinatero. "Ndinati chanyowa."

Sanabwerenso kwa nthawi yaitali.

Diso lakufa silisiya kupweteka. Anthu sadziwa zimenezo. Mpaka lero nyengo ikazizira limaluma kuchokera m'kati, mapazi nawo akuyaka kumunsi, mawondo pakati. Ndimakhala pakhonde n'kumadikira kuti china chitope. Abusa amati ndipirire ngati kuti pali ntchito ina imene ndikugwira.

Achinyamata amene amafuna ntchito ya pachigayo akandifunsa, ndimawauza za dzanja m'chimanga, za makutu pa injini, za hendulo yobwerera. Amene akupita ku opaleshoni ndimawauza chimodzi chokha. Mpeni wa dokotala ndi theka la mankhwala. Theka linalo ndi chakudya chokwanira masiku onse ogona, chili kale m'nyumba usanapite. Ngati mulibe, udzadzuka nthawi isanakwane, kaya ndiwe wanzeru, kaya ndiwe chitsiru. Ine sindinali chitsiru. Ndinkadziwa chimene chimanga chija chidzachite, ndinkadziwanso chimene hendulo idzachite. Kudziwa sikunandithandize.

Zimene zinapita ndi izi. Diso lakumanja, limene linaona tsiku limodzi. Ntchito. Malo a Naphiri pamsika, amene anatenga wina iye akundisamalira m'chipatala. Chipinda chimodzi mwa ziwiri zimene tinkachita lendi. Kuwerenga ndi kulemba, zimene ndinavutikira mpaka Sitandade 6. Mawu anowa ndikuchita kulembetsa. Zala ziwiri za phazi lakumanzere, chifukwa munthu wa shuga wosaona amadziwa kuti ali ndi bala pamene layamba kununkha. Ndi dzina. Ana a m'komboni muno sadziwa kuti kuli Mwanza. Akamalozera mlendo njira amati, mukafika pa mudala wosaona, mukhote kumanja.